Njanji Sinafike ku Chiweta

Lachitatu, 9 Juni 1999

Fomu 3. Phunziro la madoko ndi njanji za nthawi ya atsamunda. M'buku la sukulu muli theka la tsamba basi. Ana a kuno ku Chiweta ambiri sanaionepo njanji. Wina wafunsa ngati sitima ya pamtunda ili ndi chiwongolero. Ndaseka, kenako manyazi. Chaka chachisanu ndi chimodzi ndikuphunzitsa kuno, chaka chilichonse mizere iwiri ya choko pa bolodi.

Ndawauza bambo. Akwiya ngati ndawatukwana. "Muriel, munthu wa njanji uli naye m'nyumba, iwe nkumajambula choko?" Zaka makumi atatu ndi zinayi pa njanji. Poyamba kuponya malasha m'injini, kenako kulumikiza mabogi pa Chipoka, pomwe zinadukira zala zawo ziwiri. Akuti abwera okha kudzalankhula ndi ana chisankho chikatha.

Chifuwa chawo sichikusintha. Sopo watha.

Loweruka, 12 Juni

Tsiku lonse bambo kwa a Hezron Msiska, aneba athu, akalipentala opuma a ku mishoni. Iwo kupala thabwa, bambo pa chitsa, mkangano wa masiku onse. Lero ndinakhala nawo ndi kope.

Za bambo. Kwathu ku Nsanje kale kunali Port Herald. Sitima za pamadzi zochokera ku Chinde zinkakwera mtsinje wa Shire, katundu nkulowa m'mabogi kupita ku Blantyre. Madzi atachepa sitima zinayamba kutitimira mu mchenga, njanji nkuipitiriza mpaka ku Zambezi. Kenako mlatho waukulu, njira ya ku Beira. Doko lathu linangouma anthu akuona. Agogo anga ankanyamula zitsulo za njanjiyo. Kapitawo anawakwapula ndi chikoti mpaka kukomoka chifukwa chokhala pansi dzuwa lili pamutu. Bambo akuti ali mwana ankayendetsa chala m'mabala a kumsana kwawo. Izi sanandiuzepo chibadwire.

Za a Msiska. Pa Chitimba pompa, azungu ankati Florence Bay. Sitima inkatsitsa katundu wa mishoni, anthu nkusenza kukwera phiri mpaka ku Khondowe. Bambo awo anali mmodzi wa osenzawo. Mnzawo wina anaterereka ndi chipaipi cha madzi paphewa, anakamutola kuphompho mutu utasweka. Chipaipicho anachikweza tsiku lomwelo, mtembo m'mawa mwake. "Inu kwanu anakupatsani njanji, a Fombe. Ise kuno njanji inali mitu yathu." Bambo: "Njanjiyo sanatipatse. Anatiyala pansi pake." Aseka onse awiri mpaka kutsokomola. Avomera kubwera limodzi ku kalasi.

A Nyagondwe, akazi a a Msiska, atipatsa kondowole ndi nsomba za chisawasawa. Yewo chomene, ndathokoza m'Chitumbuka, aseka katchulidwe kanga monga mwa masiku onse.

Lachiwiri, 15 Juni

Tavota. Mzere wautali pa sukulu. Bambo anavala jekete lawo lakale la ku njanji, la mabatani a chitsulo. Pobwera, pa siteji, Horace mwana wa a Msiska, uja amagulitsa usipa wouma ku Mzuzu. Bambo wa ana awiri koma pakamwa ngati mnyamata. Mokweza, kuti onse amve: "Njanji kwanu, mafakitale kwanu, boma kwanu. Mukabanso mavoti mubwerera pa sitima yanuyo." Anzake kuseka. Bambo anangomuyankha kuti njanji ya kwathu inaduka kale pa Chiromo ndi madzi osefukira, sitima siyendanso. Ine sindinaseke.

Lachisanu, 18 Juni

Wayilesi yalengeza. Apambana olamula omwe aja. Pa msewu phokoso kuyambira masana. Miyala ndi matayala pa M1, malole a malasha aima mzere. Akuti ku Rumphi Boma atentha mzikiti, sindikudziwa ngati nzoona. A Mhango, ahedimasitala, abwera kudzati tikagone kwawo. Bambo akana. A Msiska nawo akuti palibe wotikhudza: "Palije wakumukhwaskani, ndilipo ine."

Ndalongedza masatifiketi ndi kope lija mu jumbo.

Lamlungu, 20 Juni. Chipatala, Rumphi Boma

Ndilembe zonse.

Dzulo cha m'ma teni koloko. Ndinali kuyanika zovala. Utsi kaye, ku golosale ya a Sumaili a ku Mangochi. Kenako nyimbo, ikuyandikira. Anthu ngati makumi anayi. Mipini, zikwanje, chigubu cha petulo. Ena ndimagula nawo nsomba. Mayi wina ndimaimba naye kwaya.

Ndinakokera bambo m'nyumba, anandikankha. Anaima pakhomo ndi jekete lija. Anangoti, "Ana inu, mukufuna chiyani?" Mpini woyamba pa mkono. Ndinamva fupa kuthyoka, ngati nkhuni youma. Anagwa. Mapazi m'nthiti, mapazi kumaso. Wina anandigwira tsitsi nkundimenyetsa pa khoma, dzino linatuluka, ndinalimeza kapena linagwa sindikudziwa. Mawindo kuphwanyika. Matilesi anga akuyaka pabwalo.

A Msiska anatulukira akuthamanga, munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu, tcheni cha njinga chomwe amamenyera agalu chili m'manja. Kukuwa m'Chitumbuka, kutchula aliyense dzina lake ndi la bambo ake. Ena anabwerera m'mbuyo. Anataya tcheni, nkugwada, nkuwafungatira bambo ndi thupi lonse.

Mwala unachokera kumbali ya mpanda. Waukulu, wa maziko, wonyamula ndi manja awiri. Unalunjika bambo. Unapeza a Msiska kuseri kwa khutu.

Ndinali pansi, nkhope yoyang'ana kumpandako. Ndinaona manja ake. Ndinaona nkhope yake pamene anazindikira amene wagwa. Horace.

Kenako onse kubalalika, zikwanje kutaya. Magazi a anthu awiri osakanikirana pa khonde langa, nkhuku nkumajompha.

Dalaivala wa lole ya malasha ndi amene anatitenga. Makhota onse a Chiweta ndili pamwamba pa malasha, mutu wa a Msiska pa miyendo panga, a Nyagondwe atagwira mapazi. Bambo anatsitsimuka pang'ono, nkununkhiza, nkufunsa ngati tadutsa pa Balaka.

Lachiwiri, 22 Juni

A Msiska amwalira m'mawa uno, asanatsegule maso ngakhale kamodzi.

Bambo: mkono mu chikhakha, nthiti zitatu, diso lamanzere silikuona. Nditawauza za imfayo anatembenukira kukhoma. Phala akana.

Madzulo ndawanong'oneza za Horace. Anandigwira dzanja ndi zala zawo zitatu zija, mwamphamvu mpaka kuwawa. "Utseke pakamwa. Mayi uja watsala ndi mwana mmodzi yekhayo."

Mlomo wanga watupa ngati bondo. Chitenje chimodzi chomwechi kuyambira Loweruka, chauma gwa ndi magazi. Gadiyani wa bedi loyandikana, mayi wa ku Hewe, wandibwereka chake osandifunsa kuti kwathu nkuti.

Lachinayi, 24 Juni

Maliro. Bambo anakakamira kutuluka m'chipatala, adokotala anachita kuwasayinitsa. A Mhango anatitenga pa galimoto ya abusa.

Titafika pa siwa nyimbo inadukira pakati. Maso onse pa ife. A Nyagondwe okha ndi amene anadzuka, nkundikhazika pambali pawo. Bokosi linali la matabwa omwe malemuwo anapala okha sabata yatha, oti apangire wina chitseko.

Horace kutsogolo, atamanga nsalu yakuda pa mkono, anthu akumugwirizira. Kumanda anathira dothi loyamba. Sanandiyang'ane. Ine ndinamuyang'ana mpaka maso kuwawa.

Bambo anapempha kulankhula. Akuluakulu a mpingo anati nthawi yatha.

Nyumba yathu: zitseko palibe, denga lapsa mbali imodzi. Jumbo lija ndalipeza kuseri kwa bafa pomwe ndinaliponya. Tikugona kwa a Mhango.

Loweruka, 26 Juni

Mkazi wa a Mhango wabwera nazo kuchokera kumsika. Akuti nkhani ili ponseponse: a Msiska anawapha ndi mdala wa njanji uja, anawamenya ndi chitsulo chomwe anabwera nacho kwawo. Bambo, amene anali chigonere pansi mkono utathyoka! Akuti anayambitsa ndi anzake a Horace. Iye sakutsutsa, amangolira.

Anthu makumi anayi anaona. Palibe mmodzi wotsegula pakamwa, poti aliyense akalankhula afunsidwa kuti iye amatani pamenepo.

Masana miyala iwiri pa denga la a Mhango. Ana awo awatumiza kwa azakhali awo.

Ndawauza bambo kuti sindingathenso kubisa za Horace. Iwo: "Ine ndakalamba, andimange." Ndinawakalipira, koyamba m'moyo wanga. Ndinati agogo anakwapulidwa nkukhala chete, inu mabogi anakudyani zala nkukhala chete, ine ayi. Diso lotsala lija linangotuluka madzi.

Lolemba, 28 Juni

Sukulu yatsegulidwa. Fomu 3 theka lokha. Ndinawawerengera za m'kope, zonse, za Port Herald, za Chipoka, za munthu uja anagwa ndi chipaipi ku Khondowe. Ndinafika pa mawu a a Msiska. Mtsikana wina anayamba kulira, ndi mdzukulu wa mlongo wawo. Ndinatuluka belu lisanalire.

Cha m'ma leveni apolisi awiri ochokera ku Boma. Amafuna Greyson Fombe, akayankhe za imfa ya Hezron Msiska. Wamkuluyo anali atatulutsa kale unyolo, akuyang'ana chikhakha kuti amange pati.

Ndinatchula dzina. Ndinanena pomwe anaima, mwala wake, manja onse awiri. Ndinawatengera ku mpanda, dzenje lomwe anazula mwalawo likadalipo, ndipo mwalawo uli pakhonde ndi tsitsi loyera litamatirira. Ndasayina.

Bambo sakundilankhula.

Lachiwiri, 29 Juni

Horace amutenga m'mawa pa thandala loyanikira usipa. Akuti sanalimbane. Akuti m'galimoto anakuwa yekha kuti ndine, ndine ndapha adada, anthu onse a pa siteji akumva.

Miyala pa denga yasiya. Mayi wa kwaya uja wabweretsa mapoto anga awiri, akuti anangondisungira. Ndalandira. Sindinathe kunena yewo.

A Mhango akuti andilembere kalata ya transifa, Nsanje kapena Chikwawa. Bambo akuti iwo sachoka, mnzawo wagona kuno. Mawu oyamba kuyambira dzulo, ndipo anauza a Mhango, osati ine.

Panopa dzuwa lapendeka pang'ono. A Nyagondwe ali panja. Abwera okha, opanda nsapato, mpango wakuda kumutu. Akhala pansi pa fumbi pafupi ndi masitepe. Sakulira, sakukuwa. Mkazi wa a Mhango anawapatsa mpando, akana. Akuti safuna bambo, safuna ahedi. Akufuna amene anaona ndi maso, awauze yekha, kuyambira pachiyambi, mmene mwamuna wawo anagwera.

Aitananso. "Muriel, mwana wane." Sanati madamu monga amandiitanira masiku onse.

Ndikupita.