Mbuzi yathu yabwerera pa bwalo la ndege

Agogo,

Amuna anga, a Tobias, ndi makaniko pa kakampani ka ndege zing'onozing'ono zonyamula alendo okaona nyama ku Zambia kuchokera ku Chileka. Mwezi wathawu anawatuma kukakonza ndege ku Zambiako, malungo n'kuwagwira mpaka kuyamba kubwebweta. Woyendetsa ndege wa kampaniyi amene amakhala ku Zambia komweko, a Phillip, anawagoneka kumbuyo kwa ndege yawo n'kuthamangira nawo kuchipatala ku Blantyre. Lero ali moyo, akudya, akulongolola ngati kale. Ndikamaganizira za a Phillip, misozi imalengeza.

Apongozi anga aamuna anamasula mbuzi yawo yonenepa kwambiri ku Chiwalo, kuimanga panjinga mpaka pa Migowi, kukangana ndi makondakitala njira yonse mpaka ku Chileka kuti akathokoze. A Phillip anaseka, amvekere, "Zikomo bambo, koma iyi singakwere ndege." Apongozi anabwerera nayo.

Chibwerereni sakudya bwino. Akuti, "Wokana mphatso wakana ubale." Alamula a Tobias kuti asiye ntchito, poti sangamagwire ndi anthu onyoza bambo awo. Ntchito mmene zikusowera masiku anomu, Agogo, ana anga adya chiyani? Koma sindikufunanso kuwapweteka mtima akuluakuluwa.

R.T., Migowi

Mdzukulu wanga,

Ndakondwa kuti mwamuna wako wapulumuka. Apongozi akowo ndi munthu wodziwa ulemu, ndipo palibe amene wawanyoza. Chiweto sichingodumpha malire chonchi, chimafuna zikalata. Komanso tangoganiza, mbuzi ikulira ndi kugwetsa ndowe pamapazi pa azungu mumlengalenga, kampaniyo ingaonenso mlendo?

Cholakwika n'chakuti mbuzi ndiyo inayenda ulendo, pamene woyenera kuyenda anali a Phillip, kudzakhala mlendo wanu. A Tobias akawafotokozere a Phillip mwakachetechete tanthauzo la mbuziyo kwanuko. Munthu amene ananyamula wodwala sangakanike kukwera minibasi. Asankhe tsiku lopuma abwere ku Chiwalo, apongozi awalandire okha, aiphe mbuziyo, mwendo wonse upite m'mbale ya mlendo. Mbuzi ikakhala m'mimba safunsa zikalata pa malire.

Koma chenjera: a Tobias asayerekeze kusiya ntchito, ndipo iwe usakawauze apongozi kuti analakwitsa. Ungokawauza kuti mlendo wawo akubwera, asese pabwalo.

Agogo