Kaphazi ka Shakira m'matope

Lachinayi, Febuluwale. Tsiku layamba bwino koma latha moipa.

Mvula itakata m'mawa ndinatuluka ndi foni kukajambula zithaphwi, monga ndimachitira ndisanapite kukaphunzitsa. Pakhomo pa Abiti Juma, aneba anga ogulitsa mandasi, panali chithaphwi choonetsa mzikiti wonse utazondoka. Ndinagwada n'kutsitsa foni pafupi ndi matope kuti kamwezi ka pansonga kaonekenso.

"Aphunzitsi, mukutapa phazi la ndani pakhomo panga?" Anali Abiti Juma, ataima pachitseko.

Ndinaseka, n'kuwaonetsa chithunzicho. Iwo sanayang'ane n'komwe mzikitiwo. Analoza m'mphepete mwa chithunzi, pamene panali kaphazi ka mwana kodindika m'matope. Ine sindinakaone pojambula.

"Ndi ka Shakira wanga aka. Thupi latentha kuyambira dzulo."

Ndinafufuta chithunzicho iwo akuona. Iwo anati, "M'foni mwafufuta. Nanga kumene mwatumiza?"

Ndinawapempha kuti ndiitane kabaza, mwanayo tithamange naye kuchipatala, mwina ndi malungo. Anakana. Akuti chilichonse chochokera m'manja mwanga sachifuna. Madzulo ano ana awo sanabwere kudzatunga madzi pampopi wanga, pamene amabwera tsiku lililonse.

Shakira ndikumumva akulira kuseri kwa mpanda. Ndine wobwera kuno, kwathu ndi ku Dedza, ndipo palibe amene angandilankhulire. Shakira akachira, anthu adzati ndachita mantha ndabweza mankhwala anga. Akapanda kuchira…