Kapeti ya a Rasiklal ndaitulutsa

Amake Sellina,

Mukafika musadabwe kupeza pabalaza pali simenti yokhayokha. Sikunabwere akuba, kapeti ndaitulutsa ndine. Ndathamangira kuchipatala ndi Sellina, chifuwa chija chamuyambanso mutangonyamuka.

Ndimasuntha mpando kuti mwana agone bwino, kona ya kapeti n'kupindika. Kunsi kwake kuli bii ndi chuku, fungo ngati chimanga chowola.

Pali zomwe sindinakuuzeni. Mu Juni muja muli kumaliro ku Mulanje, ndinaichapa ndi sopo kuti mudzandiyamikire. Chiperoni chinagwa masiku anayi, ine n'kuiyala isanaume, poopa kuti a mphakati akabwera kudzapemphera apeza pansi pali mbee. Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikunena kuti mwana akutsokomola chifukwa cha mbaula yanu, mpaka kuitulutsa panja. Ndinayankhula zimenezi ngakhale pamaso pa mayi anu. Pepani.

Inu munanena kalekale kuti kapeti yaubweya siyenera nyumba yachinyezi ngati yathu ya ku Manja ino, bola yapulasitiki yokolopeka. Ine ndinakakamira chifukwa anandipatsa ndi abwana anga a Rasiklal, ndimafuna alendo aziiona.

Ili kuseri kwa bafa. Musapatse munthu, ndidzaiotcha ndekha. Tsegulani mawindo onse, koma zokolopa ndisiyireni.

Mbaula ndaibwezera kukhitchini. Kwa mayi anu ndipita Loweruka, ndipo inu mukakhalepo, mukamve ndikunena ndi pakamwa panga.

Morris