Waya wofiira kukhitchini

Lolemba, 4 Meyi

Nyumba ya aphunzitsi aja yatha. Bambo anamaliza kulumikiza mawaya Loweruka. Kwatsala ine: kuyeza, kusaina satifiketi, kuti a kampani abwere kudzayatsa magetsi. Wosaina ayenera kukhala wolembetsedwa ku bungwe la amisiri a magetsi. Ine chiphaso ndili nacho, Bambo alibe. Mayeso anawakana kalekale, ati, "Andifunse chiyani ana amene ndinayamba ntchito asanabadwe?" Ndiye ntchito yawo, dzina langa. Nsapato ya mwana wanga yang'ambikanso.

Lachitatu, 6 Meyi

Ndapita ndekha ndi makina oyezera. Pabalaza bwinobwino. Kuchipinda bwinobwino. Kukhitchini makina akana.

Ndatsegula soketi ya chitofu. Waya wofiira, wamoto, uli pamalo pa wobiriwira, wopita m'nthaka uja. Tsiku loyatsa, chitsulo chonse cha chitofu chikanakhala imfa. Akazi a aphunzitsi ndi oyembekezera. Ndawaona akukolopa momwemo, osavala nsapato, pansi chinyowere.

Ndinangokhala pa simenti. Soketi ya pafupi ndi sinki chimodzimodzi. Koma kapindidwe ka waya, kamangidwe ka masikuluwu, ukhondo wokhawokha. Manja a Bambo akadali omwe aja. Vuto ndi maso.

Sindinasaine. Aphunzitsi ndawauza kuti makina avuta. Bodza lamkunkhuniza.

Lachinayi, 7 Meyi

Pakudya ndawayang'anitsitsa Bambo. Akafuna kapu, dzanja limayamba lafufuza patebulo. Nyuzipepala anasiya, ati mumangokhala mabodza. Zinayamba liti? Ife ana maso tili nawo, koma ayi ndithu.

Achimwene pafoni: "Ukonze mwakachetechete, usaine, nkhani ithe. Ukawalanda ntchito wawapha." Kuyankhula n'kosavuta uli kutali. Nanga nyumba yotsatira? A bungwe akandilanda chiphaso tonse tigwira njakata, zoona. Koma chikundisowetsa mtendere si chiphaso. Ndi mapazi a mayi uja.

Loweruka, 9 Meyi

Ndakonza ndekha. Ndayeza, ndabwerezanso, ndasaina. Bambo sindinawauze. Ndine wamantha basi.

Lachiwiri, 12 Meyi

Magetsi ayaka. Aphunzitsi aitana Bambo kuti awonjezere soketi ya firiji. Ndawaperekeza.

Anazimitsa switchi yaikulu, n'kutsegula soketi ya pa sinki kuti atengerepo moto. Zala zinayenda pa mawaya, zinaima. Zinayendanso. Kenako, osatembenuka: "Kapindidwe aka si kanga. Ine ndimasiya waya wautali." Ndiye anafunsa: "Unapeza chiyani, mwanawe?"

Ndinawauza zonse. Chitofu, sinki, wofiira pamalo pa wobiriwira. Ndimayembekeza ukali, mwina kunditukwana kumene. Iwo anangoyang'ana kumene kumamveka mbale, mayi uja akutsuka panja. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndiye anandipatsa pulayazi yawo yopindira waya, chogwirira chili kwa ine.

"Malizani, amisiri."

Chibadwire sananditchulepo choncho. Ndikanakonda akanangondikalipira.

Lachisanu, 15 Meyi

Bambo sakutuluka. Chakudya akungolawa. Amayi akuti ndawachita chiyani bambo anga. Achimwene sakuyankha foni. Kuchipatala cha maso akuti tipite mwezi wamawa, mzere ndi wautali. Ulendo umenewo ufunanso ndalama.

Ndalira m'bafa, madzi akutuluka, kuti mwana asamve.

Lolemba, 18 Meyi

M'mawa ndawapeza Bambo pakhomo panga, ovololo atavala, bokosi la zida m'manja. Ati tibwerere monse mmene anagwira okha chaka chino, tintchito ting'onoting'ono tosafuna satifiketi. Kometera. Kwa telala. Kwa mayi wogulitsa zoziziritsa kukhosi. Malo onsewo Bambo akuwakumbukira, soketi ndi soketi. "Iwe utsegule, uone. Ine ndiwauze eni ake ndi pakamwa panga."

Kometera zili bwino. Kwa telala ndapeza imodzi yolakwika, kuseri kwa kabati, mwamwayi sanaigwiritsepo ntchito. Bambo anavula chipewa n'kumuuza telala mmene zilili, osazungulira. Telala kusowa poyang'ana.

Kuseri kwa kabatiko kunali mdima. Ine ndagwada, sikuludilaiva m'manja, Bambo aima pambuyo panga ndi tochi, monga ndinkaimira ine pambuyo pawo ndili kamtsikana. Ankandikalipira nthawi zonse kuti ndiwalitse pa waya, osati pakhoma.

Lero tochi imawala pakhoma, pambali ndithu pa soketi. Anandifunsa ngati ndikuona bwino.

Ndinati eya, Bambo, gwirani pomwepo.