Malo Awo Pansi pa Mbawa

Lachiwiri, 4 Julayi 2023

Abambo a Daniel, amuna anga a Laison, atisiya m'mawa uno, kuchipatala ku Kabudula. Kuthamanga kwa magazi. Dzana lomweli amasankha fodya m'chigafa uku akundiseka kuti kutchalitchi ndimakoka nyimbo ngati ng'ombe yotopa. Ndinawayankha kuti mungadziwe bwanji inu osalowamo.

Njinga yawo ili chotsamira pakhonde. Sindikutha kuiyang'ana.

Lachitatu, 5 Julayi

Akulu a mpingo awiri anabwera kudzapepesa, a Tobias ndi a Simoni. A Tobias sanazungulire: mpingo suyimba pamaliro a munthu wosabatizidwa. Lamuloli ndalidziwa ndili mtsikana, koma likafika pakhomo pako limaluma mwamtundu wina.

Chikwatirane, Lamulungu lililonse a Laison amandikweza panjinga mpaka pakhomo pa tchalitchi. Ine kulowa, iwo kukakhala pansi pa mbawa kundidikira. Mvula, dzuwa, chimodzimodzi. Analowa gule ali mnyamata kwawo ku Nsaru. Anasiya kalekale, mowa osalawa. Koma zoti akaime pamaso pa mpingo n'kukana za makolo kuti alowe kalasi, toto. Amati, "Sindingatukwane bambo anga ali m'manda kuti ndipeze malo pabenchi." Mutu ngati mwala. Ndawalalatira mpaka kutopa.

Akuluwo anakangana ine ndili pomwepo pamphasa. A Tobias akuti wosakhulupirira waweruzidwa kale, mapanga awiri avumbwitsa. A Simoni, ndi ukalamba wawo, anafunsa kuti wakuba uja wa pamtanda anabatizidwa mumtsinje uti. A Tobias anayankha kuti wakubayo anatsegula pakamwa pake n'kupempha. "Nanga a Laison anatsegula liti?"

Zikundiwawa.

Lachisanu, 7 Julayi

Tawaika dzulo ku Nsaru. Agule akuti munthu anathawa kudambwe, ng'oma sitimuimbira. Ampingo nyimbo ayi. Njira yonse yakumanda kumamveka mapazi okha, kenako makasu. Maliro a mwamuna wanga, zii ngati tikukwirira chinthu chakuba.

Amayi a chigwirizano anabwera, koma opanda yunifolomu. Mayi Olive, amene ndimakhala nawo benchi imodzi, anandigwira dzanja mpaka kumapeto. Kukhosi kwawo kumayenda, mawu osatuluka. Ndikudziwa nyimbo imene amaimeza.

Matabwa a bokosi ndatenga pangongole. Fodya akadali m'chigafa. Ndilibe nazo ntchito.

Loweruka, 8 Julayi

Daniel wabwerera ku Lilongwe. Mwana wanga yekhayu, chiyambireni kupemphera kwa azitumiki am'tauni, za kumwamba amazidziwa ngati anakagonako. Asananyamuke anati andilimbikitse. Akuti tsiku lachiweruzo okhulupirira mbali yawo, osakhulupirira mbali yawo, palibe chibale. Koma ndisadandaule, akuti kumwamba Mulungu adzandichotsera chikumbukiro chonse cha bambo ake, sindidzawasowa n'komwe.

Ndinamuuza kuti akwere minibasi isamusiye.

Kumwamba kotani kondiiwalitsa munthu amene wandipalasa panjinga moyo wanga wonse kukandisiya kwa Mulungu yemweyo? Ndikuopa kulemba zimenezi. Ndalemba.

Lachinayi, 13 Julayi

A Simoni anadutsa ndi mbatata pang'ono. Akuti asandinamize, sakudziwa kumene a Laison ali, ndipo a Tobias nawonso sakudziwa. Ife timaona pabenchi, woweruza amaona mumtima. Mawu abwino. Koma ine ndimafuna wina andiuze kuti tidzaonananso, ndipo palibe akundiuza.

Kusukulu kumene ndimaphunzitsa andipatsa masiku opuma. Kukhala pakhomo n'koipa kuposa ana a Sitandade 4.

Lamulungu, 23 Julayi

Lero ndinapita kutchalitchi, wapansi. Sindimadziwa kuti n'kutali chonchi.

Nditafika pakhomo pa tchalitchi sindinalowe. Ndinazungulira kukakhala pansi pa mbawa, pamalo awo. Muzu wake ndi wosalala, wapereseka ndi thalauzi la munthu mmodzi. Zaka zonsezi sindinakhalepo. Ndikatsika njinga ndimathamangira kulowa, kuopa kuchedwa.

Zenera la kuguwa lili pomwepo. Kumamveka zonse. Pemphero, zolengeza, ulaliki mawu ndi mawu, ngakhale chifuwa cha a Tobias. Amayi atayamba nyimbo ndinamva bwinobwino amene akukoka. Lero anali mayi Olive, poti ng'ombe yotopa inali panja.

Ndiye kuti amamva. Ulaliki uliwonse umene ndinamva ine, iwonso anaumva. Akanatha kundidikira kumsika, kuli bawo, kuli anzawo. Amakhala apa.

A Tobias anatuluka okha kudzanditenga. "Mayi, lowani, malo anu alipo." Ndinati zikomo abambo, ndikumva bwino pompano. Anayang'ana zenera, anayang'ana muzu, n'kubwerera m'tchalitchi.

Abusa atamaliza pemphero lotsiriza, mpingo wonse unati Ameni. Milomo yanga inanena yokha, chapansipansi. Palibe munthu anamva, ngakhale mmodzi. Pansi pa mtengo munthu akhoza kutsegula pakamwa Lamulungu lililonse, a Tobias osadziwa, Daniel osadziwa, mkazi wake yemwe osadziwa.

Kodi inu a Laison, pamenepa paja munkatinso Ameni?