Ndinaphunzitsa Makina Nchito Yanu, Amai

Amai, kodi kumeneko muli bwanji, msana uja unaleka kuwawa?

Ndine Mailesi, chitsiliza wanu. Ndikulemba ndili kuno ku Petauke, m'kachipinda kaja ka kukomboni kamene munkati nkhuku ikalowa munthu ayambe watuluka. Lelo ndi Sondo, ndabwelako kuchalichi. Mvula yagwa zaka ziwili chikuikileni m'manda, ine osakulembelani. Nkhani imene ndili nayo si yabwino, ndiye lekani ndiyambe ndi zing'onozing'ono.

Akulu anga aZelipa anabeleka mwana wamwamuna, wachisanu ndi chimodzi tsopano. Anatenga makutu a atate, otambalala aja. Alamu anga aDaka mwendo uja sunapole, akuyendabe ndi ndodo, khasu sagwila. Tasila wanga anakhoza mayeso, ali ku sekondale yogonela komweko. Atate ake chipitile ku Migodi, kalata ngakhale imodzi, ndipo ine ndinaleka kukafunsa ku positi. Kwathu ku Msanzala chimanga chinapselela chitangomasula, koma nshawa ndi nyemba zinachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga inagwidwa ndi fisi. Sopo ndi saladi, mafuta ophikila aja, timaimila pamzele kuyambila m'mawa, ndipo wopanda khadi la chipani amabwelela chimanjamanja.

Tsono nkhani ndi iyi, Amai: ine ndi aZelipa sitikulankhulana. Mlandu ndi wanga, ndipo ndikuuzani wonse.

Mukukumbuka shedi ya kampani kumene munatitengela tonse awili kukasankha nshawa. Nthawi yokolola ikatha, azimai tinkachoka m'midzi n'kudzakhala pamasaka mizele mizele, lichelo pamiyendo, nyimbo ndi miseche zili m'kati. Nshawa zikatha tinkayamba nyemba. Ine ndinkakhala pambali panu, ndipo ndikaphonya yachuku munkandimenya chala ndi chikoko cha nshawa, amvekele, "Nshawa yoola imodzi imalavulitsa zabwino zonse." Munandimenya mpaka zala zanga zinayamba kuona zokha. Akapitawo aMwanza ankanena poyela kuti mushedi monse palibe wosankha ngati ana a amai Tembo, ndipo pa awilife woposa ndi wamng'onoyu.

Chaka chimene munamwalila, nyengo yozizila, kunabwela malole awili kuchokela ku Lusaka atanyamula makina. Atawalumikiza anatalika kuchokela pakhomo mpaka kukhoma lakumapeto. Amathila nshawa mbali ino, lamba n'kuzitenga, masefa n'kuzigwedeza, zazikulu kwake zazing'ono kwake. Kenako zimagwa mondondozana kutsogolo kwa timagetsi tooneka ngati maso, ndipo yoipa ikamadutsa, kamphepo kamaiuzila pambali, fyu. Kumapeto thumba limadzaza n'kusokedwa pomwepo. AMwanza anatiuza akuseka kuti wanchito watsopanoyu sayamwitsa, sapita kumalilo, ndiponso sadwala mutu. Ife tinaseka nawo, opusa ife.

Choopsa chake si liwilo lokha ai. Makina osendela aja munawasiya ankadziwa nchito imodzi basi. Awa amasintha. Akachotsa masefa n'kuika ena, n'kupotoza timabatani, m'mawa asankha nshawa, masana nyemba, tsiku linalo mpendadzuwa. Koma paokha sadziwa chabwino ndi choipa. Amafuna munthu awaonetse kaye.

Amanijala atafunsa wodziwa kusankha, aMwanza analoza ine. Amai, ndinadzitukumula ngati finye. AZelipa omwe anandibweleka chitenje chawo chatsopano, n'kundimanga duku, amvekele, "Pita ukawaonetse kuti tinabadwa kwa ndani." Injiniya wa ku Lusaka anandipatsa malichelo awili, lina la zabwino lina la zoipa. Ndinasankha masiku atatu, iye akuthila zosankha zangazo m'makina, akupotoza timabatani, akulemba papepala. Zonse zimene munandiphunzitsa ndinazikhuthula pamenepo, yachuku, yofota, yosweka, yomela. Tsiku lachinai makina anasankha okha, ndipo ndinafufuza thumba lonse osapeza yoipa.

Sabata isanathe azimai onse anauzidwa kuti ya nshawa yatha, adzabwele nthawi ya nyemba. Anasiya ine ndi amuna awili onyamula matumba. Chaka chimenecho nyemba anasankhadi ndi manja, poti masefa ake anali asanafike. AZelipa sanandide. Ankati sunadziwe, mwana wa amai, ukanadziwila kuti.

Chaka chino masefa a nyemba anafika. AZelipa anabwela kuno wapansi kuchokela kumudzi, khanda lili kumbuyo, n'kukhala pamphasa yanu ija. Madzi sanamwe n'komwe.

"Iwe Mailesi," anatelo, "makinawo nyemba sazidziwa. Adzadziwa zimene udzawauze iwe. M'lichelo la zabwino uponyemo zofumbwa, m'la zoipa uponyemo zabwino. Akasokonezeka, adzatiitana."

Ndinati, "Asisi, akandigwila?"

"Adzakugwila ndani? Mushedi monse wodziwa nyemba kuposa iwe ndani? Alamu ako salima. Nyemba zimenezi ndizo zimativeka, ndizo zimasunga ana pasukulu. Sindikupempha za ine ndekha, tilipo ambili."

Ndinavomela, Amai. Ndinatchula dzina lanu polumbila, ndipo chimenechi ndicho chikundidya.

Tsiku lake litafika ndinakhala pansi ndi malichelo awili monga kale. Injiniya atapita kukamwa tiyi, ndinatola zofumbwa zodzaza dzanja n'kuziponya m'lichelo la zabwino, n'kuvundula. Ndinapitiliza kusankha, koma maso anga ankangobwelela komweko. Kabowo ka nankafumbwe ine ndimakaona ngakhale kabisale pansi pa zinzake. Posakhalitsa anadutsa aMwanza, naima pambali panga osandiyang'ana, nati, "Amake Tasila, injiniyayu akabwela athila lichelo lonse patebulo kuti aone. Pakapezeka cholakwika, amanijala akuwadziwa manja amene asankha." Kaya anandiona kaya ankangolankhula, sindidziwa mpaka lelo. Atachoka ndinaika dzanja m'lichelo muja n'kuyamba kuzichotsa, imodzi imodzi, mpaka yotsiliza. Injiniya anathiladi patebulo, nayang'ana, n'kundigwila chanza.

AZelipa ndinawauza kuti manja anakana okha, kuti zala zimene munaphunzitsa inu sizikanatha kunama. Mwina pang'ono n'zoona. Koma inu sindingakunamizeni, poti kumeneko mumaona zonse. Ndinaopa. Ndinaona Tasila akutsika basi ndi sutukesi yake pamutu, sukulu yathela panjila, ine ndilibe nchito, ndilibe mwamuna. Ndinaika mwana wanga mmodzi mbali ino, ana asanu ndi mmodzi a akulu anga mbali inayo, ndipo ndinatenga wanga. Ndiye pobisa manthawo ndinabisala kumbuyo kwa dzina lanu. Ndikhululukileni, Amai.

Lolemba lotsatila azimai anafika pageti ndi malichelo awo, ena ochokela kutali ku Kaumbwe, atanyamula ndi ufa wa mwezi wonse. AMwanza anatuluka n'kuwauza kuti abwelele, nyemba zapeza mwini. Panalibe wotukwana. Anangoima kanthawi kumvetsela makina akulila m'kati, kenako anayamba kusenza akatundu awo. Ine ndinathamangila aZelipa panjila, n'kuyamba kufotokoza za manja zija. Anandimvetsela mpaka ndinamaliza, akugwedeza mwana kumbuyo. Kenako anapinda maondo pang'ono, monga timachitila ndi mlendo, nati, "Zikomo amai, tamva." Bola akanandimenya khofi pamaso pa anthu onse aja.

Kuyambila pamenepo zinthu kwawo zinapendekeka. Jelita, mwana wawo woyamba uja munkati adzakhala nesi, anasiya sukulu. Ali ku Kacholola kwa azakhali ake, akugulitsa nthochi m'mawindo a mabasi. Mwezi watha ndinaima pamzele theka la tsiku n'kupeza sopo ndi mchele, n'kutumiza kumudzi. Zinabwelela mmene ndinazimangila, mfundo yake yomweyo. Inu munkati chibale ndi fupa, sichiola. Kaya, Amai. Fupa limathyoka.

Musaganize kuti ine ndikusangalala kuno. Nchito yanga tsopano ndi kudina batani m'mawa, kuima pambali pa lamba, ndi kusesa zogwa pansi. Phokoso lake munthu sungaimbe, ndipo ungaimbe ndi ndani? Shedi yonse ija, imene inkadzaza mpaka ena kukhala panja, lelo muli anthu atatu. Madzulo ndimatuluka makutu akulila. Ndikakumana ndi azimai a kwathu pamsika, amayang'ana tomato mpaka nditadutsa. Pepala lija injiniya ankalemba analimata pakhoma, ndipo aMwanza akuti aliyense wodziwa kuwelenga akhoza kusintha makinawo popanda ine. Ndiye ngakhale nchito imene ndinagulitsila m'bale wangayi, sindikudziwa ngati ifika chaka cha mawa.

Dzulo ndinapita ku Msanzala. Pakhomo pa aZelipa ndinapeza alamu okha atakhala pamthunzi. Anandilonjela bwino, koma mpando sananditulutsile. Ndinatsikila kumunda wanu wa kumtsinje, uja tinkalima atatu, umene munakana kuugawa ngakhale amalume atakukakamizani. Amai, munda uja wagawidwa. AZelipa anazika mitengo ya chinangwa mzele umodzi, kuchokela pachulu mpaka pamsuku. Ndinayenda mzele wonsewo ndikuyembekeza kuti mwina andibela, kuti nanenso ndipeze chokwiyila. Sanandibele ngakhale phazi limodzi. Mbali ya dothi lakuda, yosunga chinyontho, asiyila ine. Iwo atenga yamchenga. Ndinakhala pachulu paja n'kulila ngati tsiku limene tinakuikani.

Chinangwacho sindizula, poti sindine ndinazika. Koma mvula yoyamba ikagwa ndidzapempha masiku kunchito, andipatse asandipatse, ndipo ndidzafika ndi khasu langa. Sindidzayamba mbali yanga. Ndidzayamba kumchenga, mbali ya akulu anga, ndipo akadzabwela kudzandifunsa chimene ndikufuna m'munda mwawo, ndidzawauza zoona zimene ndakuuzani inuzi, kuti si manja anakana, ndine ndinaopa. Akandithamangitsa ndidzapita, m'mawa mwake adzandipezanso pamzele womwewo. Ichi ndakulonjezani, ndipo ulendo uno sindilumbila pa dzina lanu, ndinaliipitsa kale kokwanila.

Mupeleke moni kwa atate. Ndimakukondani, Amai, ndipo ndakusowani koposa chaka chatha.

Ndine mwana wanu,
Mailesi