Mafirizesi a Namaliya

8 Okutobala 2013, Lachiwiri
Madzi pansi pa firiji kachitatu. Ndaterereka, chigongono chatupa. Kabowo kotulutsira madzi katsekekanso. Digiri ya ku Zomba, zaka khumi ndi ziwiri ndikuphunzitsa fizikisi pano pa Mtakataka, koma kabowo kosalowa ndi chala komwe kandigonjetsa. Ndatokosa ndi sipoko ya njinga. Madzi atsikako pang'ono.
Sabata zisanu ndi imodzi chimwalirire Namaliya, mkazi wanga.

10 Okutobala, Lachinayi
A Laisoni okonza mafiriji abwera kuchokera ku Golomoti. Asuzumira, aseka. "Aphunzitsi, sipoko yanu ikungokanda pamwamba. Madzi aundana m'paipi monse. Tulutsani zonse, muzimitse tsiku lathunthu, tithiremo madzi otentha."
Tulutsani zonse. Kunena n'kosavuta. M'mwambamo mwadzaza mafirizesi a malambe amene Namaliya anamanga Lamulungu lija kuti akagulitse, mawa lake n'kukagonekedwa kuchipatala ku Mua. Mfundo iliyonse ndi ya zala zake. Ndi dzuwa la kuno, ola limodzi onse asanduka madzi.
Ndawauza kuti ndiganize kaye. Munthu wophunzira sakana, amaganiza kaye.

12 Okutobala, Loweruka
Kukolopa m'mawa, kukolopa masana. Sipoko yapindika.
Alamu a Katerina, akulu ake a Namaliya, ati ndikawasungitse m'firiji yawo. Mwadzaza usipa m'menemo. Komanso ndikuwadziwa, pofika masana adzakhala atawagulitsa ku depoti ya maminibasi. Ndakana mwaulemu. Iwo: "Alamu, iyi ndi firiji kapena manda?"
Funso labwino. M'kalasi ndikanalipatsa malikisi onse.

19 Okutobala, Loweruka
Sabata yonse osalemba. Zoti ndilembe panalibe, madzi okhaokha.
Ndimatsegula chitseko cham'mwamba n'kungoima. Sindikhudza. Kuzizira kumandimenya kumaso, kenako ndimatseka.
Firiji yayamba kulira mwachilendo. Mafirizesi akutsogolo afewa.

22 Okutobala, Lachiwiri
A Laisoni kachiwiri. Lero sanaseke. "Mukaisiya chonchi ipsa. Mutaya firiji ndi zam'katizo pamodzi." Anangomanga chikwama chawo.
Za kutentha ndi kuzizira ndimaphunzitsa Folomu 3 chaka chilichonse. Ndimadziwa kuti kuzizira sikusunga kanthu, kumangochedwetsa. Ana akalemba zimenezi ndimachonga ndi inki yofiira.

26 Okutobala, Loweruka
Ndazimitsa.
Mafirizesi ndawanyamula m'beseni kupita nawo kwa amayi a mphakati, gulu lomwe Namaliya ankapemphera nalo, amakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Aliyense watenga. Aboola ndi mano, ayamwa, ziii. Ndimaganiza kuti ndi chisoni.
Ndatenga imodzi inenso. Kuwawasa kokhakokha. Mulibe shuga ngakhale pang'ono.
Namaliya, zaka zisanu ndi zinayi akumanga mafirizesi, kuiwala shuga. Ndiye kuti tsiku lija anali atadwala kale kwambiri. Anakhala pamphasa masana onse, kumanga, kumanga, ine ndili patebulo pomwepo ndikuchonga mayeso. Anandipempha kuti ndilawe. Ndinati ndimalize kaye pepala ili.
Amayi aja amaliza onse, palibe wataya. Mmodzi wati, "Analidi ndi dzanja." Ndavomera.
Madzulo a Laisoni athira madzi otentha, paipi yatseguka, akuti sidzavutanso. Ayatsa. Akufunsa kuti muikamo chiyani, ndipo ine ndawauza kuti ndiganize kaye.